Apple, HP kapena Dell? Ine ndinakafunsa kumanda a malaputopu

Ngati munakhalako mu studio ya nyimbo mukomboni pa nthawi imene malaiti apita, mudziwa zimene zimachitika. Wina amatuluka kukagula vitumbuwa, wina amagona pa benchi, otsala amayamba kutsutsana. Amayamba ndi bola. Bola ikatha, amagwira makompyuta.

Mwezi watha ndinali mu studio ina ku Matero, kuyembekeza woimba amene anali atandiuza kuti "nili pafupi" maola awiri m'mbuyomo. DJ wina anakhala pakona ndi MacBook pamiyendo, akuipukuta ndi malaya ngati khanda.

"Iyi siimafa, boyi. Malaiti yayende, ine nisebenza chabe."

Mwini studio sanalole. "Iwe, HP yanga iyi yatulutsa nyimbo zingati zamene uliza mu club? Yako ija ni yojambulitsa chabe pa Facebook."

Wina analumbirira Dell. Kamufana ka magalasi kanayesa kulowetsapo mau, ati vonse ivo ni vabodza, ikani chabe Linux. Anakaseka mpaka kanabisa nkhope mu foni. Kenaka onse anatembenukira kwa ine.

"Ba reporter, imwe mumalemba. Tiuzeniko, niiti yamene ili bwino?"

Ndinaseka chabe. Yankho langa ndi lalitali, ndipo lili ndi manyazi anga mkati. Koma ndidziwa kuti ambiri a inu muli kusunga tindalama, ena a sukulu, ena a tibizinesi, ena mufuna kuyamba kupanga ma beat, ndiye lekani ndikuuzeni pano.

Chaka chimene ndinatsiriza diploma ndi kuyamba nchito ino, ndinalowa chilimba ndi anzanga anai. Mwezi wanga utafika sindinagule bedi. Ndinapitiriza kugona pa matiresi pansi, ndalama yonse ndinapita nayo m'tauni kukagula laputopu. Mtolankhani wolemba nkhani pa foni zala zimatupa, ndipo ba editor amamuona ngati mwana wa sukulu.

Dzina la shopu sinditchula. La laputopu nalonso sinditchula, chifukwa mukalimva mudzati "ehe, tinakamba," ndipo nkhani yonse idzakupitani. Dziwani chabe kuti linali dzina lalikulu, limodzi mwa aja amene anyamata a ku Matero anali kulumbirira. Inali yasiliva, yopyapyala, yonyezimira moti munthu ungapesere tsitsi. Pakona panali kapepala komata kolembedwa kuti i7. Wogulitsa anagogoda pa kapepalako ndi chala.

"Ba boss, iyi ni i7. Ni ndeke iyi."

Sindinafunse kuti ndi ya chaka chiti. Sindinafunse kuti m'mimba mwake muli chiyani. Ndinafunsa chabe ngati andiikirako chikwama cha mbasela. Safunsa anadya phula.

Miyezi itatu yoyamba ndinali bwana. Ndinali kuitsegula olo pamene palibe cholemba, kuti chabe anthu aione. Kenaka pulasitiki ya pakona, pomwe sikirini imapindikira, inang'aluka. Ndinamata ndi tepi. Kutentha kwa October kutafika, fani inayamba kulira ngati chigayo, ndipo pansi pake ungathe kusitira malaya. Batire inali kutha ndisanatsirize ndime zinai. Zonsezi ndinapirira, chifukwa pa chivundikiro panali dzina.

Manje imvani chimene chinandiliza.

Kuli woimba wina wachikulire wa kalindula amene sakonda atolankhani. Ndinamusakasaka miyezi itatu. Tsiku lina anavomera, ndipo anandikhazika pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwake maola awiri athunthu. Anakamba za mabala amene gulu lake linali kulizamo, za anzake amene anapita kale, za gitala imene anagulitsa kuti alipire sukulu ya mwana. Panali pena pamene analeka kukamba n'kuimba pang'ono ndi mau otsika. Zonse ndinajambula pa foni. Foni itadzaza, ndinasamutsira mau ndi zithunzi ku laputopu, n'kufufuta za pa foni. Mwamva bwino. Ndinafufuta.

Pa Chisanu madzulo ndinakwera basi pa Kulima Tower, chikwama pansi pakati pa miyendo, laputopu ndisanaizime bwino, ndangoitseka chabe. Dalaivala anali wa aja amene ma hump amawaona akawadutsa kale. Nditafika kunyumba n'kuitsegula, ndinamva kaphokoso kamene sindinamvepo: tiki, tiki, tiki. Sikirini yakuda, timau toyera pamwamba, basi.

Ba editor anaimba cha m'ma 22 koloko. "Mufana, nkhani ili kuti? Peji ili chabe mbee."

Sabata imeneyo peji yanga inadzaza ndi zithunzi za kitchen party. Nditaimbira ba mudala oimba aja kuti tibwerezenso, anandiyankha mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unapweteka. "Mwana wanga, nenze nakamba kale. Madzi yakatayika siyawoleka."

Pa Mande ndinanyamula mtembo wanga kupita nao kwa wokonza amene mnzanga anandilozera, m'kachipinda ka pamwamba m'nyumba ina yakale chapafupi ndi Chachacha Road. Ndi bambo wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi waya, ndipo khoma lonse la kumbuyo kwake ndi mashelufu a malaputopu akufa, osanjikizana ngati mbale. Ndinalowa nditakwiya kale.

"Ba mudala, iyi kampani ni ya gong'a, si so? Niuzeni yamene siimafa, nikagule."

Sanaseke mokweza. Analoza chabe kumbuyo ndi sikuludiraiva.

"Yangana. HP ili apo. Dell ili apo. Lenovo, Acer, Asus, Toshiba. Na ija ya chipatso cholumiwa ili pamwamba apo. Manda siyasankha, mwana wanga."

Kenaka anatenga malaputopu awiri a kampani imodzi, dzina limodzimodzi pa chivundikiro, n'kundipatsa kuti ndiwapotoze pang'ono ndi manja. Yoyamba, yokongolayo, inalira kwee ngati chitseko cha chimbudzi. Yachiwiri, yakuda ndi yolemera, yosaoneka bwino n'komwe, siinagwedere.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene mkangano wa ku Matero sukhudza. Kampani iliyonse yaikulu imapanga mitundu iwiri. Pali ya kusitolo, yopangira ine ndi inu amene timagula ndi maso: Inspiron ya Dell, Pavilion ya HP, IdeaPad ya Lenovo. Ndiye pali ya maofesi, yopangira mabanki ndi makampani amene amagula mazanamazana nthawi imodzi, ndipo ikafa msanga sabwereranso: Latitude ya Dell, EliteBook ndi ProBook za HP, ThinkPad ya Lenovo. Zamaofesizi kawirikawiri zimakhala ndi mafupa a chitsulo, mahinji olimba, ndi pansi potseguka ndi masikulu kuti wokonza alowemo bwino. Sindikunena kuti za kusitolo zonse ndi zoipa. Zina zimakhala zaka. Koma EliteBook ndi Latitude ndi pachibale kwambiri kuposa EliteBook ndi Pavilion, olo kuti awiri omalizawa ali ndi dzina la bambo mmodzi.

ThinkPad ndiyo yoseketsa. Inayamba mu 1992 ili ya IBM, kampani ya ku America. Mu 2005 Lenovo ya ku China inagula mbali ya IBM yopanga makompyuta a anthu, ndipo ThinkPad inapita nayo. Mpaka lero ikali yakuda, yamakona, ndi kabatani kofiira pakati pa kiyibodi. Ndiye amene amati "ine va China sinigula" aganizenso. Ndipo malaputopu ambiri a maina amene timakanganiranawa sapangidwa n'komwe m'mafakitale a eni maina. Amawasonkhanitsa ndi makampani a ku Taiwan monga Quanta, Compal ndi Wistron, ambiri m'mafakitale a ku China. Processor ya mkati ndi ya Intel kapena AMD. Zili ngati telala mmodzi wa ku Kamwala amene asoka suti ya ukwati m'mawa, masana n'kusoka yunifomu ya mtengo wotsika. Manja ndi omwewo. Kusiyana kuli pa nsalu imene mwini oda analipira.

Chabwino chake kwa ife n'chakuti makampani a kunja amasintha makompyuta pakapita zaka zochepa, ndipo akalewo ndi amene amafika kuno, aja timati ex-UK. Ndi salaula ya maofesi. Ndipo monga mudziwa, jekete ya salaula yosankhidwa bwino imakhalitsa kuposa yatsopano ya mu pulasitiki. Chinanso, popeza zinabwera zambiri za mtundu umodzi, batire, kiyibodi, sikirini ndi chaja zake zimapezeka m'tauni muno. Kwa ine apa ndi pamene pagona kukhulupirika kwa makina mu Lusaka. Onse amadwala. Funso ndi lakuti, ikadwala pa Chitatu, kodi pa Chisanu idzakhala itachira?

Nanga i7 ija? Ba mudala anandionetsa nambala imene imabwera pambuyo pake, imene wogulitsa sagogodapo chala. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi m'badwo, koma kuyambira m'badwo wa 10 ndi manambala awiri oyamba. Tengani i7-7500U: ndi ya m'badwo wa 7, ndipo ili ndi ma core awiri chabe. Tengani i5-8250U: ndi ya m'badwo wa 8, ili ndi ma core anai. Ma core ali ngati anthu ogwira nchito m'khitchini. Ndiye i5 imeneyi imaisiya i7 ija kumbuyo mukaipatsa nchito zambiri pamodzi, koma m'shopu i7 ndi imene amaikweza mtengo. Yanga inali ya m'badwo wakale kuposa apa. Ndinagula ndeke imene inaleka kuuluka kalekale.

Chimene chinapha mau a ba mudala oimba sichinali dzina ayi. Inali hard disk. Mu hard disk muli kambale kozungulira, kambiri mwa malaputopu kamazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake kowerenga. Mukaigwedeza mwamphamvu ili kuzungulira, kasingano kamakanda mbale. Ndiyo tiki tiki ija. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndi tima chip chabe, ndiye ma hump a ku Kanyama siiwaopa, ndipo kompyuta imayaka msanga kwambiri. Nayonso imafa tsiku lake, ndipo imafa mosachenjeza. Koma mu 2025 kapena kupitirira apa munthu asakugulitseni laputopu yoyendera hard disk pokhapokha mwakonzeka kuisintha tsiku lomwelo. Ndinafunsa ngati mau anga angatuluke. Ati kuli akatswiri amene amatsegula disk m'chipinda chopanda fumbi, koma mtengo wake ungagulire malaputopu ena awiri. Ndinaitenga disk ija. Ikali mu kabati, sindidziwa kuti ndiisungira chiyani.

Manje tiyeni kwa DJ uja ndi chipatso chake, chifukwa sindifuna kumunamizira. Ali ndi mfundo. Mukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene m'makomboni ambiri malaiti anali kubwera maola ochepa chabe, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali mtulo? Chaka chimenecho mfumu inali batire. Kuyambira November 2020 Apple inayamba kuika processor yakeyake, M1, m'malo mwa ya Intel, ndipo makina amenewa amadya moto pang'ono modabwitsa. Apple inati MacBook Air ya M1 ingafike maola 18 poonerera mafilimu. Olo muchotsepo theka chifukwa cha ukalamba, mukali ndi tsiku lonse la nchito. Air imeneyi ilibenso fani, ndiye siimeza fumbi la August limene limatsamwitsa ena onse. Kwa opanga nyimbo kuli Logic Pro, kwa a mavidiyo kuli Final Cut Pro, ndipo izi pa Windows simudzazipeza. Ndikanakhala ndi ndalama za apamwamba, sindinama, ndikanagula.

Koma funsani DJ wanu kuti ikadwala amapita nayo kuti. Mu MacBook za masiku ano RAM ndi posungira zinthu n'zomatiriridwa ku motherboard. Mwagula ya 8GB, mudzafa nayo ya 8GB. Motherboard ikapsa, nthawi zambiri nyimbo zanu zapsera momwemo, palibe disk yoti wokonza aichotse n'kuika mu ina. Sikirini ikasweka, mtengo wake mudzaumva m'mafupa. Ndipo zoti Apple siilakwitsa ndi nthano. Kuyambira 2015 mpaka 2019 inaika kiyibodi yopyapyala yotchedwa butterfly, imene mabatani ake anali kukakamira kapena kulemba chilembo kawiri kafumbi kakalowa. Anthu ku America anaisumira, ndipo mu 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni. Kafumbi ka ku America. Ganizirani ka ku Chawama.

Zamtundu umenewo ndi zimene zadzaza pa Facebook Marketplace pa mtengo "wabwino". Chenjerani ndi ziwiri. MacBook ya processor ya Intel ili kumapeto a ulendo: Apple inalengeza mu 2025 kuti macOS Tahoe ndiyo yomaliza kuyenda pa makina a Intel, ndipo ngakhale iyo imalowa pa ochepa chabe. Chachiwiri ndi loko. MacBook zatsopanoko zimamangidwa ku akaunti ya mwini wake, ndipo ngati sanaichotse, tsiku limene mudzafufute zonse kuti muyambe mwatsopano idzakufunsani password ya munthu amene simumudziwa. Wogulitsa akati "ni vochepa ivo, bazakuchotselani," bwezani ndalama m'thumba.

Windows ndi minibasi. Siyokongola, imadzaza, nthawi zina imaima pakati pa njira, koma imafika kulikonse ndipo makanika wake ali pakona iliyonse. FL Studio imene yalera theka la nyimbo za m'makomboni imayenda pamenepo. Photoshop, CorelDRAW ya osindikiza ma T-shirt ndi mapositala a maliro, Excel ya ku ofesi, printer ya pa internet cafe, zonse zimadziwana ndi Windows. Mavuto ake muwadziwa kale. Mwagula bundle ya sabata, mwalumikiza foni, mwapita kukasamba, pobwera update yaidya yonse. Pali pochongera pa Wi-Fi polembedwa kuti metered connection, pachongeni. Ndiye pali kachilombo kaja ka pa fulashi kosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, kamene aliyense wa ife anakatengako ku cafe.

Koma tinene zoona, zambiri zimene timanamizira Windows timaziitana tokha. Windows yobedwa, FL Studio yobedwa, antivirus nayonso yobedwa, zonse kuchokera pa fulashi imodzi imene yazungulira komboni yonse. Ndiye wokuikirani amazimitsa ma update kuti zobedwazo zisagwidwe. Mu May 2017 kachilombo kotchedwa WannaCry kanatseka makompyuta m'maiko ambiri, mpaka zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale mankhwala ake mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ambiri ndi amene sanamwe.

Apa pali deti limene wogulitsa sadzakuuzani. Pa 14 October 2025 Microsoft inaleka kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa nthawi yowonjezera. Kompyuta siizima ayi. Zili ngati landilodi amene wati kuyambira lero loko ikathyoka sakonzanso: nyumba ikali pomwepo, koma akawalala amva. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna kachip ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa Intel imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo ochepa chabe a m'badwo wa 7. Ndiye salaula yambiri ya m'badwo wa 4, wa 5 ndi wa 6 yatsalira kunja kwa mpanda, ndipo ndi imene ili kutsika mtengo manje manje. Anyamata a m'tauni amadziwa kukankhiramo Windows 11 mokakamiza, ndipo imayenda, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere adzalandira ma update. Choncho kuona Windows 11 pa sikirini si umboni. Onani nambala ija.

A Apple akafuna kunyoza amakumbutsa za 19 July 2024, tsiku limene makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anaonetsa sikirini ya buluu, ndege zinalephera kunyamuka ndipo mabanki ena anaima. Zinachitikadi. Koma sikanali kachilombo, ndipo update yolakwikayo inachokera ku CrowdStrike, kampani yogulitsa chitetezo ku makampani akuluakulu. Mlonda ndi amene anatseka eni nyumba panja. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti ngakhale a ndalama zao, okhala ndi akatswiri a IT odzaza ofesi, tsiku lao limafika.

Kamufana ka magalasi kaja ndikapepese pano, chifukwa nanenso ndinaseka nao pamene ndinali kudziwa kuti kali ndi mfundo. Ba mudala sanataye mtembo wanga uja. Anaikamo SSD yaing'ono, anamanga hinji ndi guluu wa chitsulo, anapukuta fani, n'kundifunsa kuti ndimachita chiyani kwenikweni pa kompyuta. Ndinati kulemba, intaneti, kumvera mau ojambula, kudula zithunzi pang'ono. Anati, "Ndiye Windows uifunila chani?" Anaikamo Ubuntu.

Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, mu 1991, ndipo ndi yaulere: simuba, simubisala. Ubuntu ndi mtundu umodzi wa Linux, umene unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liu lomwe lija ife timati umunthu. Musaiope kwambiri, muli nayo kale m'thumba: Android ya pa foni yanu inamangidwa pa Linux. Pa makina okalamba imapepuka, makamaka mitundu ngati Linux Mint, ndipo kachilombo ka ma shortcut kakalowa kamangokhala ngati mlendo wosadziwa chilankhulo. Ndimatenga fulashi ya aliyense popanda mantha. Laputopu imene ndinaiika kale m'gulu la akufa ndi imene ndalembera nkhani muli kuwerengayi.

Koma mwini studio ndikamuuza kuti aike Linux, ndiye kuti ndamuchotsa nchito. FL Studio ilibe ya Linux. Photoshop ndi Premiere zilibe. Serato ya ma DJ ilibe. Pali njira zozembera, koma woimba amene walipira ola limodzi sadzakhala pansi kuyembekeza kuti muwerenge malangizo pa intaneti. M'malo mwa Word muli LibreOffice, imene imagwira bwino, koma CV yolembedwa mmenemo nthawi zina imasuntha mizere ikatsegulidwa mu Word, ndiye itumizeni ili PDF. Ndipo ikavuta usiku, mukomboni monse mwina muli munthu mmodzi chabe woidziwa, ndipo ndi uja munamuseka.

Za tima laputopu tatsopano totsika mtengo, twa Celeron ndi 4GB, tosungira zinthu pa eMMC ya 32GB kapena 64GB, sindikamba zambiri. Timabwera mu katoni, tikununkhira bwino, ndipo Windows yokha imadya malo ambiri. Chikomekome cha mkuyu. Chromebook nayo ndi yabwino kwa amene ali ndi Wi-Fi yosatha, osati ife owerenga ma MB.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi mlongo wanga wamng'ono. Wapeza malo ku koleji, ndipo pa kalata analemba kuti aliyense abwere ndi laputopu. Amai amagulitsa kapenta ndi nyemba pa msika. Anandiitana, anamasula mfundo ya chitenje, n'kundiwerengera ndalama imene anaisunga kuyambira mwanayo ali giredi 11.

"Umugulile chabwino mulongo wako. Osati monga chako chija."

Pa Chiwelu tinapita m'tauni atatu, ine, iye ndi ba mudala, amene ndinawalipira tsiku lao. Mlongo wanga anali atasankha kale pa foni: yapinki, yopyapyala. M'shopu yoyamba anaipeza yofanana nayo, n'kuikumbatira. Ba mudala anaitembenuza, anawerenga pansi, anaibweza pa shelufu osanena kanthu.

Tinazungulira mpaka masana. Pomaliza pa tebulo panatsala zitatu: ThinkPad T480, Latitude 7490 ndi EliteBook 840 G5. Zonse ndi za m'ma 2018, zonse zamaofesi, ndipo pa zonse tinaona nambala ya processor, chifukwa mitundu yomweyi ina inatuluka ndi ya m'badwo wa 7. Maina atatu amene anyamata a ku Matero akanamenyerana, koma ba mudala dzina sanaliyang'ane n'komwe. Anatsegula ndi kutseka chivundikiro kakhumi, khutu lili pa hinji. Anatsegula polembera n'kudina batani lililonse, limodzi limodzi, wogulitsa akuyang'ana kudenga. Analowetsa fulashi pa bowo lililonse. Anazima n'kulowa mu BIOS kuti aone ngati kampani yakale inasiyamo password. Kenaka anatsegula Command Prompt n'kulemba kuti powercfg /batteryreport. Lamulo limeneli limatulutsa pepala loonetsa mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala nayo lero. Wogulitsa anali atalumbira kuti zonse zitatu ndi "maola six, ba boss". Pepala linakamba zina. Imodzi inali itatsala ndi yosafika theka.

Tinatenga imene batire yake inali ndi moyo, ya i5 ya m'badwo wa 8, RAM 8GB ndi malo owonjezera ina, SSD mkati. Inapezeka kuti ndi ThinkPad. Ikanakhala Dell kapena HP tikanatenga chimodzimodzi. Ba mudala anakana chaja yopepuka imene anafuna kutipatsa, ati chaja ya gong'a ndi imene imawadyetsa iwo okonza, ndipo anaumiriza wogulitsa kulemba pa risiti nambala ya makina ndi masiku a waranti. Pa chenji imene inatsala ndinagula fulashi ndi ka adaputa koteteza moto ukabwera mwamphamvu.

Mlongo wanga anaiyang'ana, yakuda bii, ndi chipsera pa chivundikiro pomwe panali chomata cha kampani ya ku ulaya.

"Ichi chioneka monga cha ba headmaster."

Mu basi sanandilankhule. Kunyumba ndinamukhazika pansi, tinatsegula Google Drive, imene imapatsa 15GB yaulere, ndipo ndinamulumbiritsa pamaso pa amai kuti chilichonse cha sukulu chizikhala patatu: pa laputopu, pa fulashi ndi pa intaneti. Anandifunsa chifukwa chake ndakwiya chonchi pa nkhani ya fulashi chabe. Ndinatsegula kabati n'kumuonetsa disk ija.

Dzulo wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Ba headmaster awamata maluwa apinki chivundikiro chonse, mpaka dzina silioneka. Pansi pake walemba kuti: "Chisebenza bwino. Koma nikayamba nchito nizagula Apple."

Ndamuyankha kuti palibe vuto, koma anditumizire kaye chithunzi cha assignment yake ili mu Drive. Mpaka pano tima tick tili tiwiri twa buluu.